Samuel Hahnemann, dotolo amene anayambitsa mankhwala a homeopathy

M'maiko ambili, monga India, Germany ndi South Africa, muli masitolo ogulitsa timibulu toyela twa shuga tomwe amati ndi mankhwala a homeopathy. Njila imeneyi inayambitsidwa ndi dotolo wa ku Germany, a Samuel Hahnemann, ndipo kwa zaka zoposa 200 akatswili akhala akufufuza ngati m'timibuluto mulidi mphamvu yocilitsa.

A Hahnemann anabadwa pa 10 April 1755 m'tauni ya Meissen, m'cigawo ca Saxony. Atate awo anali kugwila nchito yojambula zithunzi pa mbale zadothi. Anaphunzila udotolo ku Leipzig ndi ku Vienna, nalandila digili yawo ku Erlangen m'caka ca 1779. Anakwatila a Johanna Küchler mu 1782 ndipo anabeleka nawo ana 11.

Udotolo wa masiku amenewo unali woopsa. Wodwala akabwela, madotolo anali kumuceka mtsempha kuti magazi atuluke, kumumwetsa mankhwala osanzitsa ndi otsegula m'mimba, ngakhalenso kumupatsa mankhwala okhala ndi mercury, amene ndi poizoni. Odwala ambili anali kufa ndi thandizo lenilenilo. A Hahnemann anaipidwa nazo, cakuti kwa zaka zingapo anasiya kuona odwala n'kumadyetsa banja lawo lalikululo ndi ndalama zocepa zomasulila mabuku, akusamuka tauni ndi tauni. Mfumu Leopold II ya ku Austria itamwalila mu 1792 pambuyo poicotsa magazi kangapo, iwo anadzudzula poyela madotolo a mfumuyo. Pa nkhani imeneyi anali olondola, ndipo sayansi ya masiku ano ikuwavomeleza.

Zinthu zinasintha m'caka ca 1790, pamene anali kumasulila buku la mankhwala la dotolo wa ku Scotland, a William Cullen. M'bukulo munalembedwa kuti khungwa la mtengo wa cinchona limacilitsa malungo cifukwa limalimbitsa m'mimba. A Hahnemann sanakhutile. Anamwa khungwalo iwo eni kwa masiku angapo ali bwinobwino, ndipo analemba kuti mtima unayamba kugunda kwambili, manja ndi mapazi zinazizila, anamva ludzu ndi kunjenjemela, monga mmene amacitila munthu wodwala malungo. Pamenepo anaganiza kuti apeza lamulo la cilengedwe: cinthu cimene cimabweletsa zizindikilo za matenda mwa munthu wathanzi cingacilitse matenda omwewo mwa wodwala.

Lamulo lonselo linamangidwa pa thupi la munthu mmodzi, amenenso anali kudziwa cimene anamwa. Ena amene anayesa khungwalo pambuyo pake sanaone zofanana. Cifukwa ceniceni cinadziwika mocedwa: m'khungwalo muli kwinini, amene anapatulidwa ndi akatswili a ku France mu 1820, ndipo kwinini amapha tizilombo ta malungo m'magazi. Tizilomboto tinapezeka mu 1880, a Hahnemann atamwalila kale. Kufanana kwa zizindikilo kulibe mbali iliyonse pa kacilitsidweko.

Iwo anafalitsa maganizo awo mu 1796, ndipo mu 1810 anatulutsa buku lawo lalikulu lochedwa Organon. Popeza zina mwa zinthu zimene anali kugwilitsila nchito zinali poizoni, anayamba kuzisungunula. Anali kutenga dontho limodzi la mankhwala n'kulisakaniza ndi madontho 99 a madzi kapena mowa, n'kukhuchumula botolo mwamphamvu. M'botolomo anali kutengamo dontho limodzi n'kulisakaniza ndi madontho ena 99, n'kupitiliza conco. Anaphunzitsa kuti kusungunula ndi kukhuchumula kumawonjezela mphamvu ya mankhwala, ndipo m'zaka zawo zaukalamba analimbikitsa kucita zimenezi nthawi 30. Ndiye tanthauzo la cilembo ca 30C cimene cimaoneka pa mabotolo mpaka lelo.

Apa ndi pamene njilayi imasemphana ndi sayansi. Cinthu ciliconse cimapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tochedwa mamolekyu, ndipo ciwelengelo cake m'dontho cili ndi malile. Mankhwala akasungunulidwa motele nthawi zoposa 12, kawilikawili m'botolo simutsala ngakhale molekyu imodzi ya cinthu coyambaco. Pofika pa 30C, gawo limodzi la mankhwala limakhala litasakanizidwa ndi magawo a madzi amene nambala yake ndi 1 wotsatilidwa ndi mazilo 60. Cimene cimadonthezedwa pa kambulu ka shuga ndi madzi kapena mowa cabe. A Hahnemann sakanatha kuwelengela zimenezi, cifukwa ciwelengelo ca mamolekyu cinayamba kuyezedwa mu 1865. Otsatila awo amakono amati madzi amakumbukila zimene anakhudzana nazo, koma palibe umboni wodalilika wotsimikizila zimenezo.

Ngakhale n'conco, odwala awo ambili anali kupeza bwino, ndipo cifukwa cake n'cosavuta kumva. Munthu amene wapatsidwa shuga, n'kuuzidwa kupumula, kudya bwino ndi kukhala waukhondo, anali ndi mwayi waukulu kuposa amene akukhetsedwa magazi. Matenda ambili amatha okha. Ndiponso a Hahnemann anali kukhala nthawi yaitali akufunsa ndi kumvetsela wodwala, cinthu cimene cimatonthoza mtima.

Anali munthu wa mkangano. Ku Leipzig, kumene anaphunzitsa pa yunivesite, ogulitsa mankhwala anawatengela kukhoti cifukwa copatsa odwala mankhwala opanga okha, ndipo mu 1821 anasamukila ku Köthen. Mu 1828 analemba kuti matenda ambili okhalitsa amacokela ku mphele, cimene ngakhale ena mwa ophunzila awo anakana. Akazi awo anamwalila mu 1830. Mu January 1835, ali ndi zaka 79, anakwatila mayi wa ku France, a Mélanie d'Hervilly, amene anali wamng'ono kwa iwo ndi zaka zoposa 40. Anasamukila ku Paris, kumene anthu olemela anali kudzazana pakhomo pawo. Anamwalila kumeneko pa 2 July 1843 ali ndi zaka 88, ndipo mafupa awo anasamutsidwila ku manda a Père Lachaise mu 1898.

Mankhwala awo anayesedwa iwo akali moyo. Mu 1835, mumzinda wa Nuremberg, anakonza mabotolo 100, theka lake la madzi okha, theka lina la mcele wosungunulidwa mpaka 30C. Anawasakaniza kuti wopeleka ndi womwa asadziwe ciliko m'botolo. Ambili mwa omwe anamwa sanamve kusintha kulikonse. Kayesedwe kobisa kotele ndi kamene kamagwilitsidwa nchito poyesa mankhwala masiku ano.

Mu 2005, magazini ya zacipatala ya The Lancet inayelekezela kafukufuku 110 wa homeopathy ndi wina 110 wa mankhwala a kucipatala, ndipo inapeza kuti zotsatila za homeopathy zikufanana ndi za mankhwala ongoyelekezela. Mu 2015, bungwe la boma la Australia loona za kafukufuku wa zaumoyo linalengeza kuti palibe matenda alionse amene pali umboni wodalilika wakuti homeopathy imawacilitsa. Boma la France linasiya kulipilila anthu mankhwalawa kuyambila January 2021.

Timibulu ta shuga patokha kawilikawili sitivulaza. Ngozi imabwela pamene wodwala wasiya kapena wacedwa kulandila mankhwala enieni. Mu 2009, asayansi ndi madotolo acinyamata a ku Britain ndi a mu Africa analembela bungwe la World Health Organization, akudandaula kuti homeopathy ikulimbikitsidwa kwa odwala matenda oopsa m'maiko osauka. Bungwelo linayankha kuti silivomeleza homeopathy pocilitsa malungo, cifuwa cacikulu ca TB, HIV, cimfine ndi matenda otsegula m'mimba mwa ana aang'ono.