Mbusa Scott: wotanganidwa amene anatimangira popumira

Ine ndimakhala ku Nancholi ndipo geni yanga ndi ya kaunjika. Ndimadzuka nkhuku zisanatsike, kukakwera minibasi pamsewu wa ku Chikwawa, ndipo pobwerera kumakhala kutada, ana atagona kale. Ambiri mwa inu amene mukuwerenga tsamba lino moyo wanu ndi womwewu. Wa geni akuthamangira kasitomala, wa sukulu akuthamangira mayeso, tonse tili pa liwiro.

Chaka chatha thupi linandikana. Mutu osatha, tulo osabwera, kunyumba kumangokalipa pa tizinthu tachabechabe, mpaka mayi a kunyumba anandifunsa ngati ndinakwatira iwo kapena mabelo. Kuchipatala anati magazi akuthamanga kwambiri. Tsiku lina masana, ngongole ya katapila itandigwira pakhosi, ndinangoyenda osadziwa kolowera mpaka ndinapezeka pa Blantyre Mission, kutsogolo kwa tchalitchi cha St Michael and All Angels. Ndinakhala pamthunzi kwa ola lathunthu, kumangoyang'ana njerwa zija, ndipo mtima unatsika. Kuchokera pamenepo ndinafuna kudziwa za munthu amene anamanga nyumba imeneyi. Dzina lake ndi mbusa David Clement Scott.

Scott anabadwa mu 1853 ku Scotland ndipo anaphunzira ku Edinburgh. Anafika kuno mu 1881 ali ndi zaka 28 zokha. Mishoni inali itayamba mu 1876 m'dera la mfumu Kapeni, pa malo amene Henry Henderson ndi Tom Bokwito anasankha. Koma zaka zoyambazo zinali zochititsa manyazi zedi. Amishoni oyamba anadzisandutsa oweruza milandu, kumakwapula anthu mpaka wina anafa nazo. Nkhaniyi itamveka ku Scotland, mtsogoleri wake Duff Macdonald anachotsedwa. Choncho mnyamatayu analandira mudzi wa mbiri yoipa kale.

Tamvani ntchito zimene anasenza. Kulalikira, kuphunzitsa sukulu, kumasulira Mawu a Mulungu, kukamba milandu ndi mafumu monga mwa mwambo wa makolo athu m'malo mwa chikoti. Mu 1888 anayambitsa magazini ya mishoni yotchedwa Life and Work, imene pambuyo pake inkadzudzula poyera msonkho wa nyumba ndi nkhondo za bwanamkubwa Harry Johnston, komanso kukana zoti dziko lino ligwe m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes. Mu 1892 anatulutsa dikishonale yaikulu ya Chimang'anja, yodzaza ndi miyambo ndi zikhulupiriro za anthu amene ankacheza nawo. Ife geni imodzi yokha timalira nayo.

Tsono pakati pa piringupiringu yenseyu, Scott anaona kuti choyenera kukhala pakatikati pa mudzi ndi nyumba yopemphereramo. Sanaphunzirepo zomangamanga, ndipo amisiri ake anali anthu akuda a konkuno amene anali asanamangepo nyumba yotero. Anayamba mu 1888. Dothi ankakumba pompano, njerwa kuumba ndi kuotcha pompano, ndipo zikombole zake zinali za mitundu 81. Mukadzapitako mudzayang'anitsitse makoma, mudzaona nokha kuti iyi si ntchito ya munthu waphuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Musaganize kuti ankamanga zinthu zili bwino. Mu Januwale 1891 matenda oopsa a pakhosi otchedwa diphtheria anagwira mwana wa Henderson. Dokotala wa pamishoni John Bowie, mlamu wake wa Scott, anayamwa ndi pakamwa pake zimene zinkatseka kukhosi kwa mwanayo pofuna kumupulumutsa. Mwana anamwalira, mayi wake amene anali mchemwali wa mkazi wa Scott anamwalira, dokotalanso anamwalira. Henderson mwini wake anakafera ku Quelimane mwezi wotsatira. Maliro anayi pa banja limodzi! Komabe pa 10 Meyi 1891 tchalitchi chija chinatsegulidwa. Ine ndikaganiza zimenezi ndimaona kuti munthuyu anali ndi potunga mphamvu. Mapemphero kwa iye sanali a Lamulungu lokha, anali chakudya cha tsiku ndi tsiku, moti anzake ena ku Scotland ankamunena kuti wachulutsa miyambo ya m'tchalitchi.

Chinanso, anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Mu 1894 anadzoza madikoni asanu ndi awiri achikuda ndi kuwapatsa ntchito yeniyeni, pa nthawi imene azungu ambiri ankayesa munthu wakuda mtengatenga basi. Mwa iwo munali Harry Kambwiri Matecheta amene anadzakhala mbusa mu 1911, Mungo Chisuse katswiri wosindikiza mabuku ndi kujambula zithunzi, ndi John Gray Kufa wa zachipatala, amene boma la atsamunda linamupha mu 1915 kaamba ka nkhondo ya Chilembwe.

Koma abale anzanga, ndinene chilungamo, mbiriyi ili ndi mbali yake yowawa. Thupi ndi thupi, ngakhale la mbusa. Mu 1895 mng'ono wake, Dokotala Willie Scott, anamwalira, ndipo chaka chomwecho mkazi wake Bella anatsikiranso kuli chete. Azungu a minda sankamufuna chifukwa cholankhulira anthu akuda, ndipo mu 1897 mpingo wa kwawo unafufuza madandaulo amene ankamuneneza. Mu 1898 anachoka mu Blantyre thanzi litafooka, ntchito n'kutsala m'manja mwa Alexander Hetherwick.

Wina akanati basi, zanga zatha. Koma atapuma, mu 1901 anadzukanso n'kukatsogolera mishoni ya ku Kikuyu m'dziko la Kenya. Kumeneko ndi kumene anamwalirira mu 1907 ali ndi zaka 54.

Nanga ife a ku Nancholi, Ndirande kapena Bangwe titolepo chiyani? Ine ndinatolapo zinthu zitatu.

Choyamba, kupuma pamaso pa Mulungu si ntchito ya anthu osowa chochita. Scott anali wotanganidwa kuposa tonsefe, koma nyumba yopemphereramo anaiika patsogolo, zina zonse n'kumazungulira pamenepo. Pa Marko 6 timamva kuti ophunzira atapanikizika mpaka kusowa mpata wakudya, Yesu mwini anawatengera kwa okha kuti akapume. Sanawaonjezere ntchito ayi.

Chachiwiri, katundu ndi wogawana. Ine ndinkakana kusiyira wina aliyense benchi langa poopa kuberedwa. Lero mphwanga amagulitsa Lachitatu masana, ine n'kupita ku mapemphero a pakati pa sabata a kudera kwathu. Ndalama sizinachuluke, kunama n'kulakwa, koma katapila ndinamaliza kubweza ndipo ana ayambanso kundiona masana.

Chachitatu, chikhulupiriro sichisandutsa munthu chitsulo. Ngati mbusa wamphamvu ngati Scott anagwa ndi kutopa, inu ndi ine ndife ndani? Mankhwala amene ndinalandira kuchipatala ndimamwa, ndipo pemphero silinandiletse. Inunso a sukulu amene mumaviika mapazi m'madzi usiku wonse poti mayeso ayandikira, dziwani kuti kuthamanga sikufika. Gonani, pempherani, m'mawa mutu udzagwira bwino.

Sindikuti nonse mukhale a CCAP. Aliyense ali ndi kumene amapemphera. Ndikungoti tsiku lina mukatsika pa Mibawa mtima uli m'mwamba, musathamangire ku benchi. Yendani pang'ono mpaka pa mishoni, mukakhale pansi, mukayang'ane njerwa zimene makolo athu anaumba imodziimodzi zaka zoposa 130 zapitazo. Kasitomala amene angakusoweni ola limenelo adzabweranso mawa, koma inu mukagwa lero, ana anu alibe wina.