Felix Woyera wa ku Cantalice, Mbale Woyamika

Felix anabadwa m'caka ca 1515 ku Cantalice, mudzi wa m'mapiri a dziko la Italy. Makolo ace anali alimi osauka, ndipo iye sanapite ku sukulu. Kufikira imfa yace sanadziwe kuwerenga. Akali mwana anamtumiza ku Cittaducale kukaweta zoweta za munthu wina, ndipo atakula anagwira nchito yolima ndi ng'ombe.

Tsiku lina ng'ombe zija zinadzidzimuka, zinamgwetsa pansi ndi kukoka khasu pathupi pace. Koma iye anadzuka wosabvulala. Felix sanayese cimeneci mwai cabe. Anaona kuti Mulungu wampatsa moyo kaciwiri, ndipo anatsimikiza mtima kuubwezera kwa Mwini wace. M'caka ca 1543 analowa m'cipani ca ma Capuchin, ana a Francis Woyera wa ku Assisi. Sanakhale wansembe ai, anali mbale wothandiza pa nchito za pa nyumba.

M'caka ca 1547 akulu ace anamtumiza ku Rome, namupatsa nchito imene anthu ambiri akadacita nayo manyazi, ndiyo yopempha cakudya ca abale anzace. Zaka 40 anayenda m'miseu ya mzindawo, thumba pa phewa, napempha mkate, vinyo ndi mafuta khomo ndi khomo. Ena anampatsa mokondwa. Ena anamtsekera citseko, enanso anamtukwana. Onsewo anamva yankho limodzi, mau awiri a Cilatini akuti Deo gratias, ndiko kuyamika Mulungu, ndipo anthu a mu Rome anayamba kumchula Mbale Deo Gratias.

Kuthokoza polandira kanthu ndi mwambo umene mwana ali yense amaphunzira kwa amai ace. Koma Felix anayamika ngakhale thumba liri lopanda kanthu, cifukwa ciyamiko cace sicinalunjike kwa mwini mkate. Cinalunjika kwa Mulungu, amene ali wabwino pa tsiku lolandira ndi pa tsiku lomanidwa lomwe. Kwa iye kuyamika kunali kupembedza kweni kweni, monga Misa yomwe: paja mau akuti Ukaristia acokera ku Cigriki, ndipo atanthauza ciyamiko. Usiku, abale atagona, iye anakhala nthawi yaitali m'chalichi pamaso pa Sakramenti Loyera.

Akulu ace anamlola kugawira amphawi ndi odwala zina za zimene anapempha. Ana anamzinga m'miseu, ndipo iye anawapekera tinyimbo tosabvuta towaphunzitsa za Mulungu. Akatekisti angazindikire nzeru imeneyi. Philip Neri Woyera, wansembe wochuka wa mu Rome, anali bwenzi lace, ndipo awiriwa anakonda kuseka ndi kucitana cipongwe ca cibwenzi poyera, anthu akuona. Felix mwini anadziyesa bulu wa abale ace, woyenera kusenza katundu basi.

Atakalamba ndi kudwala sanafune kutula thumba lace. Anamwalira pa 18 May 1587, ndipo khamu lalikulu linadza kudzaona mtembo wace. Papa Urban VIII anamchula Wodala mu 1625, ndipo Papa Clement XI anamlemba m'gulu la Oyera mu 1712, woyamba mwa ma Capuchin onse. Thupi lace ligona m'chalichi ca Santa Maria della Concezione ku Rome, ndipo tsiku lomkumbukira ndi 18 May.