John Cazale, Mkulu Wake Amene Anadumphidwa

Anzanga amene munaonera nawo magawo atatu aja a The Godfather m'nyengo yozizira ino, tikunjenjemera m'majekete kuno ku Dedza, ndikudziwa kuti mutafunsidwa amene anakugwirani mtima mutchula Marlon Brando, bambo wa banja la Corleone wa mawu osasa uja, kapena Al Pacino amene anasewera Michael. Palibe vuto. Koma lero tikambe za uja wowonda, wa chipumi chachikulu, amene ambiri tinkamuseka: Fredo. Dzina lake lenileni ndi John Cazale, ndipo patha zaka zoposa 40 chimwalirireni.

Cazale anabadwa pa 12 Ogasiti 1935 ku Revere, m'chigawo cha Massachusetts ku America. Makolo a bambo ake anachokera ku Italy, a mayi ake ku Ireland. Anaphunzira za zisudzo ku Oberlin College ndi ku Boston University, koma mukudziwa kale kuti pepala la kusukulu silidyedwa. Anayendetsapo takisi, kenako ku New York anagwira ntchito yotumikira makalata pakampani ya mafuta ya Standard Oil. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi mnyamata wina wosauka ngati iye, wofunanso kukhala wazisudzo. Mnyamatayo anali Al Pacino. Mu 1968 awiriwa anasewera limodzi sewero lapasiteji lotchedwa The Indian Wants the Bronx, ndipo onse analandira mphotho ya Obie.

Mwayi wa filimu unamupeza mochedwa. Fred Roos, amene ankasankhira Francis Ford Coppola anthu osewera, anamuona pasiteji m'sewero la Line. The Godfather itatuluka mu 1972, Cazale anali ndi zaka 36, ndipo imeneyo inali filimu yake yoyamba yaikulu.

Tsono tayang'anani ntchito imene anapatsidwa. Vito Corleone ali ndi ana aamuna atatu: Sonny waukali, Fredo, ndi Michael wamng'ono. M'gawo loyamba Fredo sayankhula zambiri. Kumbukirani tsiku limene bambo ake akuwomberedwa pamsewu akugula zipatso. Fredo akutulutsa mfuti, ikumupulumuka m'manja, kenako akukhala pansi n'kuyamba kulira ngati mwana. Pajatu ena munaseka. Koma kusewera munthu wamantha n'kovuta kuposa kusewera ngwazi, chifukwa wazisudzo aliyense amafuna kuti oonera amukonde, azioneka dolo. Cazale analolera kuoneka wopusa, wofooka, mpaka oonera n'kumachita naye manyazi.

Gawo lachiwiri, la 1974, ndi limene linaonetsa kuti munthuyu anali ndani. Sonny wamwalira, bambo amwalira, ndipo mpando wapita kwa Michael, kumudumpha Fredo amene ndi wamkulu. Iye akungotumidwa kukalandira alendo ndi kuyang'anira malo achisangalalo. Anthu a Hyman Roth atamulonjeza kake kakekake, akuwathandiza, ndipo Michael atsala pang'ono kuphedwa m'nyumba mwake. Ku Havana, usiku wolowera chaka cha 1959, Michael akumugwira mutu n'kumupsompsona, kumudziwitsa kuti wazindikira zonse. Taonani nkhope ya Cazale pamenepo. Kenako pali malo aja m'nyumba ya m'mbali mwa nyanja ya Tahoe, Fredo atagona chagada pampando wotsamira, akuyesa kudzuka koma mpando ukumubweza, uku akukalipa kuti iye si chitsiru, akufuna ulemu. Kwa ine, m'mafilimu atatu onsewa palibe malo opweteka kuposa amenewa, ngakhale palibe mfuti imene ikulira.

Nkhani imeneyi si yachilendo kwa ife. Sitikhala ndi makasino kuno, koma tili ndi minda ya mbatatesi, magolosale pa Linthipe ndi pa Lobi, maminibasi, ngakhale maufumu. Mkulu wa pabanja akamwalira, mbumba imakhala pansi n'kusankha amene akuoneka wochangamuka, ndipo wina amene ndi wamkulu amangouzidwa kuti inu achimwene muzithandiza mng'ono wanuyu. Amavomera pakamwa. Zimene zimatsalira mumtima mwake palibe amafunsa. Fredo analakwa ndithu, sitikumuikira kumbuyo. Koma Cazale anamusewera mwanjira yakuti mukafika pamene Michael wadikira kuti mayi awo amwalire kaye, ndiye n'kutuma Al Neri kuti akamuwombere m'bwato akuwedza, uku akunena pemphero la Tikuoneni Maria, simungaombe m'manja. Kuyambira pamenepo Michael salinso ngwazi kwa aliyense woonera.

Chaka chomwecho cha 1974 anasewera mu The Conversation, ya Coppola yemweyo, pambali pa Gene Hackman. Mu 1975 anabwereranso ndi Pacino mu Dog Day Afternoon ya Sidney Lumet, nkhani ya anthu okaba kubanki ku Brooklyn zinthu n'kuwasokonekera. Mmenemo Pacino akumufunsa dziko limene akufuna kuthawirako, iye n'kutchula Wyoming, chomwe ndi chigawo cha America momwemo. Zili ngati munthu wa pa Bembeke kunena kuti athawira kunja, ku Ntcheu! Yankholo silinalembedwe papepala, analipeka yekha kamera ikujambula.

Mu 1976 anasewera mu Measure for Measure ya Shakespeare ku Central Park, ndipo anakondana ndi mtsikana amene ankasewera naye, Meryl Streep, amene panthawiyo dziko linali lisanamudziwe. Chisangalalo chawo sichinatalike. Mu 1977 madokotala anamupeza ndi khansa ya m'mapapo. Anali munthu wosuta fodya kwambiri.

Akudwala choncho anavomera kusewera mu The Deer Hunter. Akampani atamva za matendawo anafuna kumuchotsa, poopa kuti angafe ntchito ili pakati ndalama n'kulowa m'madzi. Streep, amene analinso m'filimuyo, anaopseza kuti akamuchotsa nayenso achoka, ndipo wotsogolera filimuyo, Michael Cimino, anasintha ndondomeko kuti malo onse a Cazale ajambulidwe poyambirira. Anamaliza mbali yake. Streep anamudwazika mpaka tsiku lomaliza. Anamwalira ku New York mu Marichi 1978 ali ndi zaka 42, filimuyo isanatuluke, ndipo anaikidwa ku Malden, kwawo ku Massachusetts.

Mafilimu ake onse ndi asanu basi, m'zaka zosakwana 7. Onse asanu anasankhidwa kupikisana pa mphotho ya Oscar ya filimu yopambana pachaka, ndipo atatu anapambana: The Godfather, gawo lake lachiwiri, ndi The Deer Hunter. Brando analandira Oscar, Robert De Niro analandira, Pacino anasankhidwa kangapo konse. Cazale mwiniwake sanasankhidwepo ngakhale kamodzi. Kudumphidwa kuja kunamutsata mpaka kunja kwa filimu.

Gawo lachitatu linatuluka mu 1990, patatha zaka 12 ali m'manda. Mmenemo Michael ndi nkhalamba yodwala shuga, ndipo akalapa kwa Kadinala Lamberto, tchimo limene likumuliritsa ndi la mkulu wake uja. Coppola anatenga zithunzi zakale za gawo lachiwiri n'kuziikamo, moti Fredo akuonekeranso m'bwato lake panyanja paja. Nayonso filimu imeneyo inasankhidwa kupikisana pa Oscar.