Mayi amene adachotsa mantha a mwana ndi kalulu

Mwana akamaopa chinthu, ambiri timangomukalipira kapena kumukankhira pomwepo kuti azolowere. Mary Cover Jones adaonetsa njira ina zaka 100 zapitazo.

Mayiyu adabadwa m'chaka cha 1897 ku Johnstown m'dziko la America. Akuphunzira za maganizo a munthu ku New York, adamva katswiri wina, John Watson, akufotokoza mmene adaphunzitsira khanda kuopa khoswe woyera. Jones adadzifunsa kuti ngati mantha amaphunziridwa, kodi sangathenso kuchotsedwa?

Yankho adalipeza pa Peter, mnyamata wa zaka pafupifupi zitatu yemwe ankalira akaona kalulu, ngakhale nthenga kapena thonje. Jones ankamukhazika pampando ndi kumupatsa chakudya chapamtima pake, kalulu ali m'khola chapatali. Tsiku ndi tsiku kholalo linkasendera pang'ono. Ankabweretsanso ana ena opanda mantha kuti azisewera ndi kaluluyo Peter akuona.

Zinthu sizidayende myaa. Peter adadwala nakhala m'chipatala miyezi iwiri, ndipo potuluka chigalu chidamulumphira iye ndi namwino wake. Mantha adabwerera, koma Jones sadagwe mphwayi. Mapeto ake mwanayo ankasisita kalulu uja mpaka kumulola kumuluma zala pang'onopang'ono.

Chodandaulitsa chidali kunyumba. Mu lipoti lake la 1924, Jones adalemba kuti mayi a Peter, omwe adatayapo mwana wina, ankamuopseza kuti anthu amuba pofuna kuti alowe m'nyumba. Si zachilendo izi, makolo ambiri amatero.

Ntchitoyi idaiwalika kwa zaka zambiri. Jones adasamukira ku California mu 1927 komwe adatsatira moyo wa ana pafupifupi 200 mpaka ukalamba wawo. Adali dokotala wobadwira ku Johannesburg, Joseph Wolpe, amene adadzamutcha mayi wa chithandizo chosintha khalidwe.

Jones adamwalira mu 1987. Patapita zaka zochepa, akatswiri adakonza chithandizo cha TF-CBT cha ana ogwiriridwa, omenyedwa kapena oona imfa yoopsa. Mwana amafotokoza zomwe zidamuchitikira pang'onopang'ono, monga kalulu uja ankasenderera, ndipo kholo kapena womulera amaphunzitsidwanso. Kafukufuku wa ku Lusaka yemwe adatuluka mu 2015 adapeza kuti aphungu wamba, osakhala madokotala, adathandiza nacho ana kwambiri.