Mayi Susanna Wesley: nyumba itasanduka sukulu

Kuwerenga: Deuteronomo 6:4-9, 2 Timoteo 1:5

Ambiri a ife tikukumbukira tsiku la 23 Malichi 2020 pamene sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19. M'bindikiro wa masiku 21 umene boma linalengeza mu Epulo unaimitsidwa ndi bwalo lalikulu la milandu, komabe ana anakhala pakhomo kufikira Sepitembala, ena mpaka Okutobala. M'miyezi imeneyo ife makolo ndi agogo ena tinatulukira chinthu chochititsa manyazi. Mwana amene tinkamugulira yunifolomu ndi makope chaka ndi chaka ankachita chibwibwi pa ndime imodzi yokha ya m'Baibulo pa mapemphero a madzulo. Tinali titam'pereka kwa aphunzitsi, ife n'kusamba m'manja. N'chifukwa chake lero tikufuna tikumbukire mayi wina wa ku England amene kwa zaka zambiri nyumba yake inali sukulu.

Susanna Annesley anabadwa mu 1669 mumzinda wa London. Anali chitsirizira m'banja la ana 25 la Dr Samuel Annesley, mbusa wotchuka pakati pa Akhristu amene anapatuka mumpingo wa Anglican. Bamboyu analola mwana wake wamkazi kuwerenga mabuku olemera, ndipo zotsatira zake zinamudabwitsa: asanakwanitse zaka 13, mtsikanayo anayeza yekha mfundo za mbali zonse ziwiri, nasiya mpingo wa bambo ake, n'kulowa Anglican. Mu 1688 anakwatiwa ndi Samuel Wesley, amene pambuyo pake anakhala mbusa wa ku Epworth, mudzi wa kumadambo m'chigawo cha Lincolnshire.

Banjali silinali la mkaka ndi uchi. Mwa ana 19 amene mayiwa anabereka, 9 anamwalira ali makanda. Abusa Wesley anali munthu wophunzira koma wosadziwa kugwira ndalama, ndipo mu 1705 anatsekeredwa m'ndende ku Lincoln chifukwa cha ngongole. Izi zisanachitike anachokapo panyumba kwa miyezi ingapo atakwiya kuti akazi awo sankavomera Amen popempherera Mfumu William, imene mayiwo sankaiona ngati mfumu yoyenera. Anabwerera mu 1702, ndipo chaka chotsatira John anabadwa. Ana amene anakula anali khumi, aamuna atatu ndi aakazi asanu ndi awiri, ndipo onsewa anaphunzira kuwerenga pamiyendo pa mayi awo.

M'mene ankaphunzitsira tikudziwa bwino chifukwa mu 1732 John anawapempha kuti alembe, ndipo iwo analemba. Mwana sankayamba kuwerenga asanakwanitse zaka zisanu. Likayandikira tsiku lake, ntchito zonse za m'nyumba zinkagawidwa dzulo lake, ndipo aliyense ankauzidwa kuti asalowe m'chipinda chophunzirira kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko, ndiponso kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko madzulo. Tsiku loyambalo linali la zilembo zonse za alifabeti. Ana onse anazigwira tsiku lomwelo kupatula Molly ndi Nancy, amene anatenga tsiku limodzi ndi theka. Mayiwo anavomereza kuti panthawiyo anawayesa ogona m'mutu, koma anasintha maganizo ataona nthawi imene ana a anthu ena amatenga. Kuvomera koteroko n'kosowa pakati pa ife makolo, amene mwana akachedwa pang'ono timafulumira kum'tcha mbuli pamaso pa abale ake.

Zilembo zikatha, mwana ankatsegula chaputala choyamba cha Genesis. Ankatchula chilembo chimodzichimodzi cha ndime yoyamba, kenaka n'kuiwerenga mobwerezabwereza mpaka kuthetsa kudodoma konse, ndipo pokhapo ankaloledwa kupita ku ndime yachiwiri. Samuel, mwana woyamba, anayamba motere mu Febuluwale, ndipo pofika Pentekoste ankawerenga chaputala chathunthu bwinobwino. Panalibe buku lapadera, panalibe bolodi. Chinsinsi chake chinali nthawi yosasuntha ndi kusathamangira. Nkhani imasimbidwa kuti tsiku lina abusa anadabwa kumva akazi awo akubwereza chinthu chimodzi kwa mwana mpaka ka 20, ndipo mayiwo anayankha kuti akanalekera pa 19 ntchito yonse ikanapita pachabe.

Lamulo lina limene tikuliona lofunika koposa linali la atsikana. Mtsikana sankapatsidwa singano kapena ntchito yosoka asanadziwe kuwerenga bwino. Mayi Wesley ankati kufulumira kupatsa atsikana ntchito zamanja ndiko kunkachititsa kuti akazi ambiri a nthawi yawo asamawerenge momveka. Tikaganiza za 2020 lamuloli limatiluma. M'makomo ambiri mnyamata ndiye ankakhala pafupi ndi wayilesi kumvera maphunziro, pamene mlongo wake anali kumjigo, kunkhuni kapena ali ndi mwana kumsana. Ena mwa atsikanawo sukulu zitatsegulidwa sanabwererenso.

Usiku wa pa 9 Febuluwale 1709 nyumba ya abusa, imene inali yofolera ndi udzu, inapsa yonse. John, ali ndi zaka zisanu, anatsalira m'chipinda chapamwamba, ndipo anam'tulutsira pawindo munthu wina atakwera pamapewa a mnzake, denga litatsala pang'ono kugwa. Mayiwo anali ndi pakati potopa, ndipo anatuluka atapsa manja ndi nkhope. Mabuku ndi zolemba zinasanduka phulusa. Ana anagawidwa kwa achibale ndi anansi kufikira nyumba ina itamangidwa. Ali kutali choncho mayi awo sanawataye: anatenga cholembera n'kuyamba kuwaphunzitsa m'makalata, ndipo kwa Sukey analemba kalata yaitali yomasulira Chikhulupiriro cha Atumwi mfundo ndi mfundo.

Anawo atabwerera anali atatola zambiri kumene anali: malankhulidwe achipongwe, nyimbo zosayenera ndi kusasamala tsiku la Ambuye. Mayiwo anayambanso. Sukulu inkayamba ndi kutha ndi kuimba salimo. Madzulo mwana wamkulu ankatenga wamng'ono kwambiri wodziwa kulankhula, wachiwiri n'kutenga wotsatira, awiriawiri choncho, n'kuwawerengera masalimo a tsikulo ndi chaputala cha Chipangano Chatsopano. Mayi mmodzi sakanatha kukhala paliponse, tsono ana anasanduka aphunzitsi a anzawo. Ndipo mwana aliyense anapatsidwa madzulo ake okhala ndi mayi ake payekha: Molly Lolemba, Hetty Lachiwiri, Nancy Lachitatu, John Lachinayi, Patty Lachisanu, Charles Loweruka, Emily ndi Sukey Lamulungu. M'nyumba yodzaza chotero, mwana ankadziwa kuti pali ora limene khutu la mayi ndi lake. Patapita zaka 20, John ali mphunzitsi ku Oxford, analembera mayi ake kuwapempha kuti amusungirebe kanthawi ka Lachinayi madzulo kaja.

M'nyengo yozizira ya 1711 mpaka 1712 abusa anali ku London ku msonkhano wa mpingo. Mayi Wesley anayamba kuwerengera ana ndi antchito maulaliki Lamulungu madzulo m'khitchini. Anansi anapempha kulowa nawo, ndipo chiwerengero chinapitirira 200. Mbusa wothandizira anadandaula kwa abusa, koma mayiwo anayankha amuna awo kuti ngati akufuna kuti misonkhanoyo ithe, alamule poyera ndi kusenza okha mlandu wake pamaso pa Mulungu. Abusa sanalamule.

Sitinganene kuti zonse zimene ankachita n'zoyenera kutengera. Ankakhulupirira kuti chifuniro cha mwana chiyenera kugonjetsedwa msanga, ndipo mwana wa chaka chimodzi ankaphunzitsidwa kuopa mkwapulo ndi kulira motsitsa. Akuluakulu amati kuongola mtengo mpoyamba, n'zoona, koma khanda la chaka chimodzi silidziwa chimene lalakwa, ndipo ife sitingavomereze zimenezo. Komabe m'malamulo omwewo munali chilungamo chimene nyumba zathu zambiri zilibe. Mwana wovomera yekha cholakwa chake sankakwapulidwa, kuti mantha asam'phunzitse bodza. Palibe ankadzudzulidwa kawiri pa mlandu umodzi. Lonjezo lopatsidwa kwa mwana linkasungidwa. Mwana akayesetsa kuchita chabwino koma n'kulephera, ankayamikiridwa pa kuyesetsako.

Tisaiwalenso kuti maphunzirowa sanateteze ana onse ku misozi. Timakonda kutchula John, amene anayambitsa gulu la Methodist, ndi Charles, amene analemba nyimbo zoposa 6,000. Koma Hetty, amene ankawerenga Chigiriki ali mwana ndipo anali mlakatuli waluso, anatenga pathupi asanakwatiwe mu 1725, nakwatiwa ndi munthu amene sanagwirizane naye, ndipo ana ake anamwalira ali aang'ono. Sukey ndi Patty anazunzika m'maukwati awo. Mayi Wesley anaziona zimenezi ndi maso awo, ndipo anapitirizabe kulembera ana awo makalata, amene anachita bwino ndi amene anapunthwa.

Abusa Wesley atamwalira mu 1735, mayiwa anatuluka m'nyumba ya mpingo opanda chuma, n'kumakhala kwa ana awo mosinthanasinthana. Zaka zawo zomaliza anakhala ku London kwa John, panyumba yopemphereramo yotchedwa Foundery. Anamwalira pa 23 Julaye 1742 ali ndi zaka 73. Chimene anapempha ana amene anazungulira bedi lawo chinali chakuti mzimu ukangochoka aimbe salimo lotamanda Mulungu, ndipo anaimbadi. Anaikidwa m'manda a Bunhill Fields, John ndiye analalikira pamaliropo.