John Scott Haldane, dokotala yemwe ankadzibanikitsa pofuna kudziwa chinsinsi cha kupuma

Anthu ambiri amakhulupirira kuti chomwe chimatikakamiza kupuma ndi kuchepa kwa okosijeni m'thupi, komanso kuti munthu akamakoka mpweya mwamphamvu ndiye kuti akuwonjezera okosijeni m'magazi. Zoona zake n'zosiyana ndi zimenezi, ndipo yemwe adazitulukira ndi dokotala wa ku Scotland, John Scott Haldane.

Dzina lake silimveka pamsika wa Chikweo, Nselema kapena Ntaja. Komabe zomwe adapeza zimakhudza banja lililonse lomwe limalowetsa mbaula m'nyumba kukazizira, mnyamata aliyense womira m'nyanja ya Chiuta ndi mayi aliyense yemwe mwana wake akupuma mwabefu.

Haldane adabadwa mu Meyi 1860 mumzinda wa Edinburgh, m'banja lopata bwino. Mkulu wake, Richard, adadzakhala nduna yoona za nkhondo m'boma la Britain. Iye adasankha zachipatala ndipo adamaliza maphunziro audokotala mu 1884. Koma mtima wake sudali pa kulemba mankhwala. Ankafuna kudziwa kuti mpweya womwe anthu amapuma kunyumba ndi kuntchito umawachita chiyani.

Ntchito yake yoyamba adaigwira mumzinda wa Dundee limodzi ndi katswiri wina, Thomas Carnelley. Awiriwa ankalowa usiku m'nyumba za anthu osauka n'kumatapa mpweya wa m'zipinda zogona. Ankapitanso m'masukulu ngakhale m'ngalande zapansi zodutsa zonyansa. Adapeza kuti m'nyumba za chipinda chimodzi, momwe banja lonse linkagona mothithikana, mpweya udali woipa kwambiri ndipo tizilombo tidali tochuluka. M'nyumba zoterezi ndi momwenso imfa zinkachuluka, makamaka za ana.

Mu 1887 adasamukira ku yunivesite ya Oxford komwe amalume ake, John Burdon Sanderson, ankaphunzitsa za kagwiridwe ntchito ka thupi. Mu 1891 adakwatira Louisa Kathleen Trotter ndipo adabereka ana awiri omwe adadzatchuka, J.B.S. Haldane pa sayansi ndi Naomi Mitchison pa kulemba mabuku.

Haldane sankakonda kuyesa pa munthu wina chinthu chomwe iye mwini sadachilawe. Iye ndi mnzake James Lorrain Smith adakhoma chibokosi chosalowa mphepo, n'kumadzitsekera momwemo kwa maola ambiri, akupuma mpweya umodzimodziwo mobwerezabwereza mpaka machesi kukana kuyaka. Ankatulukamo ali wefuwefu, mutu ukuwawa, nthawi zina akusanza.

Kuti timvetse zomwe ankafufuza, tidziwe kaye kuti mpweya womwe timakoka uli ndi magawo 21 a okosijeni pa magawo 100 alionse. Womwe timatulutsa umakhala ndi okosijeni pafupifupi magawo 16, komanso magawo 4 a kaboni dayokosaidi, mpweya womwe thupi limapanga likamagwiritsa ntchito chakudya, monga momwe moto umatulutsira utsi. Munthu akatsekeredwa, okosijeni amachepa pomwe kaboni dayokosaidi amachuluka. Funso la Haldane lidali lakuti, mwa ziwirizi, n'chiti chimabweretsa befu?

Adayesa kuika mankhwala oyamwa kaboni dayokosaidi m'njira yomwe mpweya unkadutsa. Zotsatira zake zidali zodabwitsa. Okosijeni ankachepa ndithu, milomo n'kuyamba kuda, koma munthu sankamva kubanika kwenikweni. Ankangofooka, maganizo n'kusokonekera, ndipo akadatha kukomoka osadziwa kuti ali pangozi. Koma akasiya kaboni dayokosaidi kuti achuluke, befu linkayamba msanga ngakhale okosijeni adakali okwanira.

Mu 1905, iye ndi John Gillies Priestley adafalitsa kafukufuku yemwe mpaka lero amaphunzitsidwa m'sukulu za udokotala. Adaonetsa kuti ubongo umayang'anira kuchuluka kwa kaboni dayokosaidi m'magazi, ndipo akangokwera pang'ono chabe, umalamula chifuwa kupuma mozama. Kuchepa kwa okosijeni nako kumafulumizitsa kupuma, koma pokhapokha akachepa kwambiri. Mwa mawu ena, mlonda wa kupuma kwathu ndi mpweya womwe timataya.

Apa ndi pomwe pagona yankho la nkhani ya kapumidwe. Munthu wamkulu wathanzi, akakhala phee, amapuma maulendo 12 mpaka 20 pa mphindi, ndipo magazi ake amakhala atanyamula kale okosijeni wofika magawo 95 kapena kuposera apo pa 100. Chidebe chodzaza sichilandiranso madzi. Akayamba kupuma mothamanga mwadala, kapena chifukwa cha mantha ndi chisoni monga zimachitikira pamaliro, sawonjezera okosijeni wochuluka. Amangotaya kaboni dayokosaidi mopitirira muyeso. Zikatero mitsempha yopita kuubongo imafinyika, munthu amamva chizungulire, dzanzi m'zala ndi m'milomo, mwinanso kugwa. Chomuthandiza ndi kumukhazika pansi kuti apume pang'onopang'ono, koma ngati akumva kuwawa pachifuwa kapena befu silikutha, athamangire naye kuchipatala.

Mfundo yomweyi ndi chenjezo kwa anyamata opikisana kukhalitsa pansi pa madzi ndi asodzi omira kukakola ukonde. Ena amayamba apuma mothamanga kambirimbiri asadamire poganiza kuti akusunga mpweya. Chomwe amachita ndi kugoneka mlonda uja. Okosijeni amatha thupi lisadalamule kuti avuuke, ndipo munthu amakomoka ali pansi pa madzi, ngakhale pamalo osaya.

Ntchito yomwe idamutchukitsa kwambiri Haldane idali ya m'migodi ya malasha. Mu Januwale 1896 mgodi wa Tylorstown ku Wales udaphulika ndipo anthu 57 adafa. Iye adathamangirako, n'kuyeza matupi a anthu ndi a akavalo omwe ankakoka ngolo pansipo. Adapeza kuti ambiri sadafe ndi moto kapena kuphwanyidwa ndi miyala. Adaphedwa ndi kaboni monokosaidi, mpweya wopanda fungo ndi mtundu womwe umatuluka chinthu chikamayaka pamalo osowa mphepo.

Mpweyawu ankaudziwa bwino chifukwa chaka cha 1895 adaupuma yekha mwadala, akulemba zomwe akumva, mpaka pafupifupi theka la magazi ake lidagwidwa nawo ndipo ankalephera kuimirira. Kaboni monokosaidi amakakamira ku himogulobini, chinthu chofiira chonyamula okosijeni m'magazi, mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Mapapo amagwira ntchito bwinobwino koma magazi amayenda opanda katundu. Munthu samva kubanika. Amangomva mutu, nseru, kufooka kwa miyendo ndi tulo.

Nyali siithandiza pa mpweya umenewu chifukwa imayakabe. Choncho Haldane adalangiza kuti ogwira ntchito azitsika ndi mbewa kapena timbalame m'kachikwere. Tinyama ting'onoting'ono timapuma mofulumira, motero timagwa msanga munthu asadafooke, ndipo iye amapeza mpata wothawa. Kambalame kachikasu kotchedwa canary kadagwira ntchitoyi m'migodi ya ku Britain mpaka mu 1986 pomwe makina adalowa m'malo mwake. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo kwa zaka zambiri mnansi wa anthu a m'migodi adali mbalame.

Mpweya womwe udapha anthu ku Tylorstown ndi womwewo umatuluka pa mbaula ya makala. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, mphepo yozizira ikamaomba, mabanja ena amalowetsa mbaula m'chipinda, n'kutseka chitseko ndi mawindo, mipata n'kuitsekanso ndi nsanza. Makala ofiira osafuka utsi amaoneka ngati abwino, koma amatulutsabe mpweyawu, ndipo ogona sadzidzimuka chifukwa thupi silichenjezedwa. Mbaula iyenera kutulutsidwa panja anthu asadagone. Anthu a m'nyumba imodzi akadzuka onse mutu ukuwawa, atulutsidwe panja msanga ndi kupita nawo kuchipatala.

Haldane adafufuzanso mpweya wa m'zitsime. Pansi pa chitsime chakuya okosijeni amatha kuchepa popanda chizindikiro chilichonse. Apa ndiye nyali imathandiza. Okumba ayambe atsitsa kandulo yoyaka pachingwe, ndipo ikazima, munthu asatsike.

Ngakhale mwana wake sadamusiye m'mbuyo. J.B.S. ali wamng'ono adatsika naye mumgodi wina, n'kumuuza kuti aimirire ndi kulakatula mawu omwe adaloweza. Posakhalitsa mnyamatayo adafooka n'kugwa, koma atafika pansi adatsitsimuka. Phunziro lidali lakuti mpweya woyaka wa m'migodi ndi wopepuka, umasonkhana kudenga, pomwe pansi pamatsala mpweya wabwino.

Mu 1904 iye ndi anzake adatulutsa lipoti la umoyo wa ogwira ntchito m'migodi ya ku Cornwall. Amuna oboola miyala ndi makina, ambiri mwa iwo atabwerera kuchokera kumigodi ya golide ya ku Transvaal, ankafa akadali anyamata ndi nthenda ya m'mapapo. Lipotilo lidaloza chala fumbi la miyala ndipo lidalimbikitsa kuthira madzi poboola. Migodi ya ku Transvaal imeneyi ndi Joni yemwe Amalawi zikwizikwi adapitako kudzera ku Wenela, ndipo ena adabwerako ndi chifuwa chosatha. Fumbi likaumitsa mapapo, palibe kapumidwe komwe kangawabwezeretse.

Mu 1908 adakonzera asilikali apamadzi a Britain ndondomeko yoti omira pansi pa nyanja azivuuka pang'onopang'ono, akuima m'malo angapo, atayesa kaye pa mbuzi. Mu 1911 adatsogolera gulu la akatswiri kukakhala milungu isanu pamwamba pa phiri la Pikes Peak ku America, lotalika mamita pafupifupi 4,300, kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje yomwe ndi mamita 3,002. Adaona kuti thupi likakhalitsa pamalo a mpweya wochepa, limazolowera popuma mozama ndi kuchulukitsa himogulobini.

Pa ulendowu adalimbikiranso ganizo lolakwika lakuti mapapo amatha kukankhira okosijeni m'magazi ndi mphamvu yawoyawo. August ndi Marie Krogh a ku Denmark adaonetsa kuti okosijeni amangodutsa yekha kuchokera pomwe wachuluka kupita pomwe wachepa. Haldane sadafune kugonja mpaka ukalamba wake, koma sayansi idagamula mokomera a Krogh.

Nkhondo yoyamba yapadziko lonse ili mkati, mu Epulo 1915, asilikali a Germany adapopera mpweya wapoizoni ku Ypres m'dziko la Belgium. Boma lidatuma Haldane ndipo adatsimikiza kuti udali kolorini. Atabwerera, iye ndi anzake adapuma mpweyawu mwadala poyesa zotchinga kukamwa ndi mphuno zoyambirira za asilikali. Poona momwe ovulala ankabanikira, adakonza chipangizo chopatsira odwala okosijeni, ndipo mu 1917 adalemba zolimbikitsa madokotala kuti wodwala wobanika azipatsidwa okosijeni mosadukiza. Nthawi imeneyo ambiri ankangomununkhitsa kwa mphindi zochepa n'kuchotsa.

Amalawi adaona kufunika kwa mfundoyi mu Januwale 2021 pomwe Covid-19 idakula ndipo masilinda a okosijeni adasowa m'zipatala. Koma tsiku ndi tsiku, omwe amaufuna kwambiri ndi ana odwala chibayo. Mapapo a mwana wotere amadzaza madzi ndi mafinya, okosijeni amalephera kudutsa, ndipo thupi limayesa kudzipulumutsa popuma mothamanga. Befu lotereli silofanana ndi la mantha lija, ndipo silitha ndi kumunyengerera mwana.

N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo m'midzi amawerenga kapumidwe ka mwana kwa mphindi yathunthu. Khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma maulendo 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 maulendo 50, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zisanu maulendo 40, pali vuto. Pansi pa nthiti pakamalowa m'kati pokoka mpweya, mwanayo asagonenso pakhomo. Kuchipatala cha Chikweo angamuone ndi kumutumiza kuchipatala chachikulu cha boma la Machinga ku Liwonde ngati pakufunika kutero.

Haldane adagwira ntchito mpaka kumapeto. Ali ndi zaka 75 adapita ku Persia, komwe lero ndi Iran, ndi ku Iraq kukafufuza za anthu okomoka ndi kutentha m'malo okumba mafuta. Atabwerera kunyengo yozizira ya ku Oxford adadwala chibayo. Adamugoneka m'katenti ka okosijeni, chithandizo chomwe iye mwini adachimenyera nkhondo, koma mankhwala amphamvu opha tizilombo ta chibayo adali asadafike m'zipatala. Adamwalira mu Malichi 1936.