Sanaberekeko, koma analera ana zikwizikwi

Akuluakulu a ku Mwanza akukumbukirabe momwe ana a ku Mozambique ankafikira m'bomali m'zaka za m'ma 1980, anjala, ena opanda makolo, pothawa nkhondo. Mayi Henrietta Szold anapereka moyo wawo pa ana a mtundu wotere.

Mayi Szold anabadwa pa 21 Disembala 1860 mumzinda wa Baltimore ku America. Bambo awo, a Benjamin Szold, anali mtsogoleri wa chipembedzo cha Chiyuda. Mayiwa anayamba ndi uphunzitsi, ndipo mu 1889 anathandiza kutsegula sukulu yausiku yophunzitsa Chingerezi Ayuda ochokera ku Russia.

Mu 1909 anakacheza ku Palestine, dziko la makolo a Ayuda. Kumeneko anaona ana ambiri akudwala maso, chithandizo palibe. Izi zinawakhudza kwambiri moti mu 1912 anayambitsa bungwe la amayi la Hadassah, lomwe chaka chotsatira linatumiza anamwino awiri ku Yerusalemu.

Bungweli silinaiwale kuti mwana wanjala samva za aphunzitsi. Kuyambira mu 1923, ana achiyuda a ku America ankasonkha timakobiri kusukulu kuti anzawo a ku Yerusalemu azidya nkhomaliro. Motero ana omwe sanaonanepo anayamba kuwerengerana ngati abale.

Ntchito yaikulu inadza mu 1933 pamene Adolf Hitler analowa m'boma ku Germany n'kuyamba kuzunza Ayuda. Mayi Recha Freier a ku Berlin anayambitsa ntchito yosamutsa achinyamata yotchedwa Youth Aliyah, ndipo mayi Szold, ali ndi zaka zoposa 70, anavomera kuitsogolera ku Yerusalemu. Gulu loyamba linafika mu Febuluwale 1934 n'kukakhala pamudzi wa Ein Harod.

Mayiwa ankapita okha kudoko la Haifa kukalandira anawo, kucheza nawo mmodzimmodzi, kenaka n'kumawayendera komwe ankakhala. Ambiri mwa anawo sanaonanenso ndi makolo awo, poti anaphedwa ku Ulaya.

Mayi Szold ankafunanso kuti Ayuda ndi Aluya azikhala limodzi mwamtendere, ndipo zipatala za Hadassah zinkalandira onse mosasankha.

Iwo anamwalira pa 13 Febuluwale 1945 ndipo anaikidwa pa Phiri la Azitona. Sanakwatiwepo, koma ana zikwizikwi omwe anawapulumutsa ankawaona ngati mayi wawo. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.